Nyenje m'Bokosi la Eko

Situdiyo ya a Makutu inali pamwamba pa shopu yosoka makatani. Ukamakwera masitepe ake unkayamba wamva makina osokera akugogoda pansipo, kenako fungo la nsalu zatsopano linkatha, n'kuyamba la fumbi lotentha, lija limatuluka m'zipangizo zamagetsi zikaswera zoyaka. Chipindacho chinali chachitali koma chopanikizika. Makoma ake anawakuta ndi zidutswa za makatani zimene mayi wosoka wa pansiyo ankawapatsa zikatsala, moti khoma lina linali la maluwa, lina la mizeremizere, lina lobiriwira ngati madzi a padziwe.

Dzina loti Makutu anawapatsa ndi oyimba, kalekale tsitsi lisanayambe kutuwa. Ankati munthuyu amamva kuti waya wa gitala waphwa mwini wake asanaukhudze n'komwe. Iwo ankangoseka, koma dzinalo ankalikonda, ndipo linawakakamira mpaka akazi awo kunyumba ankawaitana lomwelo.

Kumapeto kwa chipindacho, pa shelefu yakeyake, pankakhala bokosi la eko. Linali lachitsulo, lotuwa, lalikulu ngati sutikesi ya mwana wasukulu. Ukatsegula chivindikiro unkaona kalamba ka tepi kolumikizidwa nsonga ndi nsonga, kakungozungulira osafika. Mawu a woyimba ankalowa n'kujambulidwa pa tepiyo, tepi ikasuntha pang'ono ankamvekanso, kenako n'kumvekanso, ulendo uliwonse atafookerako, ngati munthu amene akukuitana uku akutsetsereka kuseri kwa phiri. A Makutu ankaliimirira bokosilo, dzanja lina litagona pa chivindikiro chofunda, lina likupotokola timabatani motsatira mpweya wa woyimba.

Mwana wawo woyamba, yemwe aliyense ankangomuti Chisamba, ndiye ankagwira nawo ntchito. Iye zake zinali pa laputopu. Mmenemo munali eko zamitundumitundu, ya m'phanga, ya m'holo, ya m'bafa, ndi ina imene pa sikirini inkaoneka ndendende ngati bokosi la bambo ake.

"Taonani, Abambo, ajambula ndi dzimbiri lomwe," anatero tsiku lina.

"Nanga dzanja ndiike pati?" anafunsa a Makutu. "Iwe umaswera wagwira kambewa ka kompyuta kakoko ngati mphaka wopanda njala."

"Koma yangayi ndikaisiya lero, mawa ndiipeza mmene ndinaisiyira. Lanulo kukangozizira layamba kuyenda ngati nkhalamba."

"N'chifukwa chake sindiikhulupirira. Unaona kuti munthu amene amayankha chimodzimodzi masiku onse?"

Mkangano umenewu unali ngati tiyi wawo wa m'mawa. Palibe ankagonja, ndipo palibe ankakwiya. Nyimbo zina zinkadutsa m'bokosi, zina mu laputopu, ndipo oyimba ambiri sankadziwa n'komwe kuti yawo yadzera njira iti.

Koma panali chinthu chimodzi chimene a Makutu sanauze munthu. M'makutu mwawo munalowa nyenje. Inayamba ngati kamluzu ka kutali, kobwera n'kupita, kenako inakhazikika osachokanso. Mawu a anthu anayamba kumveka ngati akulankhulira kuseri kwa bulangete. Anaphunzira kuyang'ana milomo ya wolankhula, kugwedeza mutu pamalo oyenera, ndi kuseka ena akaseka. Ankadziuza kuti ndi kutopa chabe.

Masana ena kunja kukutentha, pa masitepe panakwera mayi wovala nsapato zoyera zafulati. Anaima pakhomo, chikwama atachikumbatira pachifuwa, n'kunena kuti iye si woyimba, ndi namwino. Ankagwira ntchito mu wodi ya ana obadwa masiku asanakwane, aja amagona m'timabokosi tagalasi tofunditsa. Panali kanyimbo kake kamene ankawayimbira akamalira, kopeka yekha, kopanda mawu ambiri. Tsopano anali kupita kusukulu kutali kukawonjezera maphunziro, ndipo anzake anamuuza kuti apite koma mawu awasiye.

"Akuti iwo akayesa kuyimba, ana amachita kulira kwambiri," anatero akuseka mwamanyazi.

Chisamba anamuimika kutsogolo kwa maikolofoni n'kumuveka mahedifoni. Namwino anayesa, koma mawu ankatuluka ouma ngati akuwerenga chilengezo. Anayesanso, zinali zomwezo. Manja ake ankasowa pokhala, mwina m'thumba, mwina kumbuyo. A Makutu anamuyang'ana kanthawi, kenako anatsikira kushopu n'kubwerako ndi chidutswa cha nsalu yofewa. Anachikulunga bwinobwino n'kumupatsira m'manja.

"Tanyamulani uyu, anamwino. Wavuta kuyambira m'mawa."

Namwino anaseka, koma anailandira nsaluyo monga ankalandirira ana, mutu pachigongono. Anayamba kudzigwedeza pang'onopang'ono, ndipo mawu anabwera okha, otsika, ochokera cham'mero, pakamwa patangotseguka pang'ono. Chisamba anayamba kujambula. Pansi makina osokera anali ataima, ndipo fumbi linkayandama mu kadzuwa kolowera pazenera.

Atatha, Chisamba anaikapo eko yake ya mu laputopu n'kumumvetsera. Inali yoyera, yosalala ngati galasi.

"Ndi yokoma," anatero namwino, "koma ndikumveka ngati ndili ndekha m'chinyumba chachikulu. Kuwodi kuja timakhala mothithikana."

A Makutu sanadikire kupemphedwa. Analumikiza mawaya, n'kuyatsa bokosi, kalamba ka tepi n'kuyamba ulendo wake. Anatsinzina. Mawu a namwino analowa n'kubwerera ali ndi mnzawo pambuyo, ngati mayi akuyimba, mchemwali wake akumuthandizira ali m'chipinda china. A Makutu anaona ngati chipinda chonse chanyamuka pang'onopang'ono, makatani a m'makoma akuwuluzika, maluwa aja akutseguka. Anadziona akuyenda mumsewu wautali wopanda magalimoto, mbali zonse kuli mazenera otsegula, pazenera lililonse pali munthu akugwedeza mwana, ndipo nyimbo ikudumpha kuchoka pazenera ili kupita pa linalo mpaka kumene msewu unkasungunukira mu kuwala. Nyenje ija inkalira kwambiri kuposa masiku onse, koma anali atazolowera kuyenda nayo. Anapotokola kabatani pang'ono, mawu otsiriza n'kutalikira, n'kuzimirira.

Atatsegula maso anaona namwino ataika chala pakhutu. Chisamba anali atazyolika, akuyang'ana zala zake.

"Abambo," anatero chapansipansi, kenako anadzutsa mutu kuti aone milomo yake. "Bokosi likulira."

"Likulira bwanji?"

"Kamluzu, kam'mwamba kwambiri. Simukukamva?"

Anawatembenuzira laputopu. Pa sikirini mawu a namwino ankaoneka ngati mitambo yofiirira, koma pamwamba pake panadutsa kamzere kowala, kowongoka ngati ulusi, kuyambira poyamba nyimbo mpaka pothera. A Makutu anakayang'ana nthawi yaitali. Kamluzuko anakamva ndithu, koma ankayesa kuti ndi kawo komwe ka m'mutu.

"Layamba liti?"

"Papita miyezi. Ndakhala ndikukadula pa laputopu pano mukapita kukadya. Pa nyimbo za ng'oma ndi magitala sizidziwika. Koma pa iyi ndikakadula ndidula ndi mpweya wa anamwinowa womwe."

"Timakutu ta ana aja n'tanthete kwambiri," anawonjezera namwino mopepesa. "Anawo sangapirire zimenezi."

A Makutu anazimitsa bokosi. Tepi inayenda pang'ono n'kuima. M'chipindamo munati zii, koma m'mutu mwawo nyenje inapitiriza ngati palibe chachitika. Anatenga chipewa n'kutsika masitepe. Mayi wa makatani anawapatsa mpando, ndipo anakhala pamenepo akuyang'ana singano ikukwera ndi kutsika. Namwino potuluka anaima pambali pawo, n'kuwerama kuti amuone nkhope.

"Kuchipatala kwathu kuli dokotala wa makutu, bambo. Ndi munthu wofatsa. Mukabwera mudzandifunse, ndidzakuperekezani."

Iwo anangogwedeza mutu, mofanana ndi mmene ankagwedezera pa zinthu zonse zimene sanamve, ngakhale izi anazimva bwinobwino.

Masiku otsatira sanapite kusitudiyo. Ankakhala pakhonde kunyumba, wailesi ili pamwendo koma yozimitsa. Akazi awo anawasiya kaye, kenako tsiku lina anawabweretsera malaya ositidwa n'kuwaika pampando.

"Ine ndatopa kukuwa m'nyumba mwanga momwe," anatero. "Anzathu apafupiwa akuyesa kuti timakangana tsiku lililonse, pomwe ndikungokufunsani ngati mukufuna madzi osamba."

"Ndiye kuti nanunso mumadziwa?"

"Mphaka yemwe akudziwa. Amachita kukukandani kuti mumutsegulire chitseko, poti kulira kwake simukumva."

A Makutu anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira pang'ono kuseka kutatha. Kenako anavala malaya aja.

Dokotala wa makutu anawalowetsa m'kachipinda kakang'ono ka makoma ofewa ndi chitseko cholemera. Chitatsekedwa, a Makutu anagogoda khoma ndi chala n'kusirira, poona kuti anthuwa ali ndi situdiyo yabwino kuposa yawo koma sajambuliramo nyimbo. Anawaveka mahedifoni n'kuwapatsa kabatani kuti azidina akamva kulira. Poyamba ankadina monyadira. Kenako panabwera nthawi zazitali za chete, akumuona dokotala pagalasi akuwayang'ana modikira, iwo chala chili m'malere.

Dokotala anawaonetsa mzere wa kamvedwe kawo. Unkayamba bwino kumanzere, kumene kuli mawu a pansi, kenako n'kutsetsereka ngati njira yopita kumtsinje. Anati zaka zokhala pafupi ndi masipika zinatenga gawo lake, ndipo zimene zapita sizibwerera, koma pali kachipangizo kothandiza. Patapita masiku, kachipangizoko katafika, anawakoleka kamodzi kuseri kwa khutu lililonse, kakang'ono ngati nyemba, n'kukhala pa laputopu yake kuti akakonze.

"Ndiye kuti m'khutu mwangamu mwalowa kompyuta?" anafunsa a Makutu.

"Yaing'ono kwambiri."

"Mwana wanga asamve zimenezi. Sindipumanso."

Dokotala anadina, ndipo dziko linatseguka mwadzidzidzi. Pepala la patebulo linakhwekhwereza, mpando unalira, gauni ya dokotala inkamveka ikukhuzana yokhayokha. Zonse zinali zakuthwa, zowala mopweteka.

"Mwawonjeza zam'mwamba, adokotala. Mawu anu akumveka ngati supuni ikugunda kapu."

Dokotala anamwetulira n'kuwatembenuzira sikirini, pomwe panali timizere tokweza ndi kutsitsa. Anawakankhira kambewa ka laputopuyo. A Makutu anakagwira ndi nsonga za zala ngati chinthu chotentha, n'kutsitsa kamzere kamodzi, kenako kena. Atafuna kutsitsanso, dokotala anawagwira dzanja.

"Apo pokha musiye. Mwakhala nthawi yaitali osamva zimenezi, ndiye mutu wanu waiwala. Mukatsitsa zonse mubwerera komwe munali. Upatseni nthawi uzolowere."

A Makutu anabwerera wapansi, osakwera basi. Mumsewu makiyi ankalira m'thumba la munthu wodutsa. Pepala la pulasitiki linkakwawa m'mbali mwa ngalande, likunong'ona. Tcheni cha njinga chinkawerenga mano ake, ndipo penapake pamwamba pa nyumba mwana ankaphunzira kuliza likhweru, mpweya wambiri mluzu pang'ono. A Makutu ankayenda ngati munthu wobwera kumene m'tauni, akuima paliponse, anthu akuwalambalala.

Atafika kusitudiyo anapeza Chisamba ali pa laputopu. Sanamupatse moni. Anapita molunjika kushelefu n'kuyatsa bokosi. Kamluzu kaja kanatuluka, kowonda, kakuthwa, kosiyana ndi nyenje yawo imene tsopano inali itabwerera m'mbuyo. Anazimitsa, kanaleka. Anayatsa, kanabwera.

"Unapirira, mwana wanga," anatero. "Ine ndikanalitaya pazenera."

Anatsegula kumbuyo kwa bokosilo ali awiri, Chisamba akuwalitsa ndi foni. Wokonza mawailesi wa mumsewu womwewo anabwera, n'kuloza kachitsulo kena kamene kanatupa ndi ukalamba. Anati zoterezi anasiya kupanga kalekale, afufuza kwa anzake, koma asamuwerengere masiku. Koma namwino uja anali atatsala pang'ono kunyamuka kupita kusukulu.

M'mawa mwake Chisamba anabwera ndi kabokosi kapulasitiki kopepuka, kokhala ndi timabatani topotokola, n'kukalumikiza ku laputopu.

"Aka n'ka liwiro la tepi, aka n'ka kubwereza, aka n'ka kutalika. Kambewa musakakhudze, ndikagwira ine."

A Makutu anakanyamula ndi dzanja limodzi n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. "Mulibe kanthu umu."

"Mulibe. Tayesani."

Anaimirira monga mwa masiku onse, n'kutsinzina. Dzanja lamanzere linafufuza chivindikiro chofunda, silinachipeze, ndipo linakagona patebulo lozizira. Mawu a namwino anabwera, mnzawo ali pambuyo. Sizinali zofanana. Bokosi lija linali ndi kudzandira kwake, kamtsimphino kamene tepi inkachita podutsa polumikizira, ndipo apa kanalipo koma kochita kuphunzira, kobwera pa nthawi yake ngati wotchi. Anapotokola, n'kupotokolanso. Kenako anakankhira kabatani ka kutalika kupyola pamene bokosi lawo linkayambira kukuwa, akudikira phokoso. Phokoso silinabwere. Mawu anangopita, n'kupita, akucheperachepera ngati bwato lolowa mu nkhungu, ndipo iwo anawatsatira mpaka kumene sanafikeko chiyambire ntchito imeneyi. Kumeneko kunali bata lalikulu, ndipo mpweya wa namwino unkamveka uliwonse.

Anaswera pamenepo. Chisamba anatsika kukagula zakumwa, n'kubwera, n'kuwapeza akadali chitsinzinire. Dzuwa litapendeka anatsegula maso.

"Siyofanana," anatero.

"Siyofanana," anavomera Chisamba.

"Bweza poyamba. Ndafika patali kwambiri, ana angasochere. Tiifupikitse, ikhale ngati chipinda chaching'ono."

Anaibwereza kangapo. Penapake dzanja lawo linaterereka n'kuwononga mzere womaliza, ndipo anadandaula kuti ayambirenso zonse. Chisamba anadina kamodzi, cholakwacho n'kufufutika, zina zonse zili m'malo. A Makutu anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana mwana wawo, koma iye anachita ngati sanaone.

Tsiku lomaliza la namwino pantchito, anawaitana onse awiri kuchipatala. Mu wodi sanaloledwe kulowa, choncho anasamba m'manja n'kuima pakhonde, pazenera lalikulu lagalasi, chitseko chili chotsegula pang'ono. Mkatimo munali kuwala kofewa ndi timabokosi tagalasi m'mizere. M'kamodzi munkaoneka kaphazi kofiira, kochepa ngati chala chachikulu cha munthu, kakutambasuka n'kubwerera. Pakona panakhala mtsikana wina ataika mwana wake pachifuwa, mkati mwa malaya, kamutu kokha kakuoneka kali ndi chipewa choluka.

Namwino anaika pashelefu kasipika kakang'ono ngati sopo, n'kutsitsa mawu mpaka pansi penipeni. Nyimbo inayamba. A Makutu anapendeketsa mutu. Pa kasipika kameneko, pakati pa kulira kwa makina a m'wodimo ndi mawilo a machira odutsa, zonse zimene anakhala akukangana ndi Chisamba sizinkamveka n'komwe. Panangotsala mawu a mayi, ndi kena kake kofewa kowatsatira pambuyo. Mtsikana wa pakona uja anayamba kudzigwedeza, ndipo nyimbo itabwerezanso, milomo yake inkayenda nayo. Namwino mwini wake ankazungulira m'timabokosi, akusuzumira, akukonza timachubu, osayimba, akumvetsera mawu ake akugwira ntchito popanda iye.

Miyendo itatopa, a Makutu anakhala pabenchi ya pakhondepo n'kutsamira khoma. Khomalo linali lofunda ndi dzuwa la masana. Nyimbo inkatuluka pachitseko pang'onopang'ono, ikutha n'kuyambanso. Anaganiza zoti auze Chisamba kuti pa mzere wachiwiri akanachepetsa pang'ono, koma mawuwo analemera asanafike pakamwa. Chipewa chinatsetsereka n'kuwaphimba maso.

Namwino atatuluka anapeza Chisamba atawerama, akufuna kuwagwedeza paphewa.

"Asiyeni," ananong'ona. "Mkatimu onse agona. Awa ndi aakulu chabe."

Chisamba anabweza dzanja, n'kukhala pambali pawo pabenchipo kudikira.